Kuonetsa Mmene Shuga Amapotozera Kuwala

Kuwala kumayenda ngati mafunde ogwedezeka mbali zonse, koma kukadutsa pa sefa ya polarizer kumatsala kogwedezeka mbali imodzi yokha. Madzi a shuga amapotoza mbali imeneyi, monga anaonetsera Jean-Baptiste Biot wa ku France, yemwe anayamba kufufuza za madzi otere mu 1815. Ophunzira Physics kukoleji sayenera kungoloweza izi pa bolodi, pakuti zipangizo zake n'zosavuta: shuga woyera wa m'golosale, tambula yagalasi yaitali ya pansi posalala, laputopu, protractor, ndi magalasi a dzuwa olembedwa kuti polarized.

Choyamba mphunzitsi agoneke sikirini ya laputopu chagada, iwale zoyera. Sikirini ya LCD imatulutsa kuwala kosefedwa kale, choncho sefa yofunika ndi imodzi basi. Ayang'ane sikiriniyo kudzera m'galasi la dzuwa, akulizunguza mpaka pade bii, ndipo alembe pamene galasi laima. Kenaka aikepo tambula ya madzi wamba, pambuyo pake ya madzi amchere. Mdima suyenera kusuntha. Gawo ili lisadumphidwe, chifukwa ndilo limatsimikizira wophunzira kuti chopotoza si madzi kapena tambula. Botolo la pulasitiki lisagwiritsidwe ntchito, limadzibweretsera mitundu yake.

Tsopano asungunule magalamu 250 a shuga m'madzi otentha, awonjezere madzi mpaka zonse zikwane mamililita 500, n'kudikira kuti azizire ndi kuyera. Shuga wabulauni amadetsa madzi. Athire m'tambula kufika masentimita 10 ali kutali ndi laputopu, apukute kunja kwake, ndiye aibwezere pa sikirini.

Apa ndi pamene kalasi imati zii. Galasi lili pomwe panali mdima, koma pansi pa tambula pakuwala. Likamazunguzidwa kumanja pang'onopang'ono, mitundu imasinthana, chifukwa shuga amapotoza kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira. Pofuna kuyeza, sikirini iikidwe yofiira yokhayokha kuti mdima ubwerere pamalo amodzi. Mabuku amapereka madigiri 66.5 pa kuwala kwachikasu kwa sodium, pa masentimita 10, shuga akakhala galamu imodzi pa mililita imodzi. Madziwa ali ndi theka la mlingowo, motero apotoza madigiri pafupifupi 33, ndipo pa kuwala kofiira acheperako pang'ono. Ophunzira afikitse madzi a shugawo pa masentimita 20, aone madigiri akuwirikiza kawiri; kenaka asakanize madziwo ndi madzi wamba olingana nawo, ayezenso.

Nthawi ikalola ayese uchi wosungunula, womwe kawirikawiri umapotozera kumanzere chifukwa cha fructose. Kumafakitale a shuga, monga a Illovo ku Dwangwa ndi ku Nchalo, kuchuluka kwa shuga m'madzi a nzimbe kumayezedwa mwa njira yomweyi, ndi makina otchedwa polarimeter.