Mfumu Yopanda Nsapato ku Canossa

Anzanga okonda History, tamvani iyi. Mu Januwale 1077, Mfumu Henry IV ya ku Germany inaima masiku atatu kunja kwa linga la Canossa ku Italy, m'chisanu, yopanda nsapato, kupempha Papa Gregory VII kuti aikhululukire.

Ankalimbirana chiyani? Mphamvu yosankha mabishopu. Nthawi imeneyo bishopu sankangolalikira ayi. Ankakhala ndi minda yaikulu, alimi omulimira komanso asilikali othandiza mfumu pa nkhondo. Wosankha bishopu ndiye ankalamulira zonsezi. Papa atachotsa Henry mumpingo mu 1076, akalonga ake anayamba kumugalukira, basi n'kupita kukapepesa.

Mkanganowu unatha mu 1122 pa pangano la ku Worms: mpingo uzisankha bishopu, mfumu izimupatsa malo. Poyankha funso lotere, musaiwale nkhani ya malo!