Kuyenda m'njira za pachilumba pamene mumaopa malo okwera

Tinali pachilumba cha Mumbo m'mawa, dzuwa lisanatenthe, pamene alamu anga anangoti njo pa thanthwe. Njira inali yotakata bwino, koma kumanzere mitengo inathera pompo, nyanja n'kuonekera pansi, miyala ikuwala m'madzi. Anagwira muzu wa mkuyu ndi manja onse awiri, mawondo akuombana. "Alamu, ine pano sindidutsa," anatero chapansipansi. Awa ndi munthu amene amasenza thumba la chimanga kuchokera kumunda mpaka kumudzi osatula. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti mantha a malo okwera alibe wamphamvu, ndipo kuti munthu wotere akhoza kusangalala ndi zilumba zathu ngati a pabanja pake akonzekera naye bwino.

Chimachitika n'chiyani m'thupi

Kuti munthu aime chilili osagwa, thupi limadalira maso, mkati mwa makutu ndi mapazi. Maso amagwira zinthu zapafupi, monga mtengo kapena khoma, n'kumauza thupi kuti laima bwino. Mukafika m'mphepete mwa phompho, zinthu zapafupi zija zimasowa, maso n'kutsala opanda chogwira. Thupi limayamba kundenguma pang'ono, mtima kuthamanga, manja kutuluka thukuta. Pachilumba izi zimakula, chifukwa kutsogolo kumakhala madzi okhaokha, ndipo madziwo sakhazikika. N'chifukwa chake thanthwe lalifupi la m'mbali mwa nyanja likhoza kuopsa kuposa phiri lalitali lodzaza mitengo.

Choncho posankha njira, musayambe n'kufunsa kutalika kwa phiri. Funsani ngati m'mbali mwa njirayo muli potseguka.

Sankhani chilumba chokuyenerani

Poyambira pabwino ndi ku Likoma. Chilumbachi kukula kwake ndi masikweya kilomita 18, ndipo midzi yake imalumikizana ndi misewu yafumbi ndi tinjira todutsa m'milambe ndi mitengo ya mango. Mukhoza kuyenda tsiku lonse, kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chimene anayamba kumanga mu 1903, n'kutsikira kugombe, osapondapo m'mphepete mwa phompho. Timapiri tilipo, koma palibe chokukakamizani kukwera. Mapiri a ku Mozambique mumawaona bwinobwino muli pamchenga.

Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, zilumba zake n'zosiyana. Mumbo n'kachilumba kakang'ono, pafupifupi makilomita 10 kuchokera kumtunda. Tinjira take n'tatifupi, tambiri tili m'nkhalango, koma pena timatulukira pa miyala ikuluikulu yoyang'ana kunyanja. Domwe n'chachikulu ndipo n'chachitunda kwambiri. Wamantha asayambire kumeneko. Ngati simunayesepo n'kamodzi komwe, yambani mwayenda kanjira ka ku Otter Point, kumtunda konkuno, muone mmene thupi likuchitira pa miyala ya m'mbali mwa madzi.

Kumbukiraninso za ulendo wokafika ku Likoma. M'madoko ena sitima ya Ilala imaima patali ndi gombe, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Kwa ena mantha amayambira pomwepo. Patsani anzanu katundu yense, manja akhale opanda kanthu, yang'anani pamene mukugwira, ndipo uzani ogwira ntchito m'sitimamo kuti akuthandizeni.

Funsani mafunso oyenera

Safunsa anadya phula. Koma mukafunsa mnyamata wobadwira pachilumba kuti, "Kodi njirayi ndi yovuta?" adzakuuzani kuti ndi yophweka, ndipo sakunama, poti iye wakhala akudumpha miyala imeneyo chikhalire mwana. M'funseni motere: "Achimwene, pali malo pamene njira imadutsa m'mphepete, pansi pakuoneka? Pali pofunika kukwawa kapena kudumpha mpata pakati pa miyala? Ngati palipo, pali njira ina yolambalala? Tikafuna kubwerera, tingabwerere pati?" Muuzeni poyera kuti mumaopa malo okwera. Wotsogolera wodziwa ntchito yake amasintha njira akamva zimenezi, koma sangalote.

Nyengo ndi zovala

Pewani miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, chifukwa matanthwe amaterera ndipo udzu wautali umabisa m'mphepete mwa njira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira bwino, koma ndiyo nthawi ya mwera, ndipo mphepo ikamakukankhani pamalo otseguka mantha amawirikiza. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndipo ludzu palokha limabweretsa chizungulire. Nthawi iliyonse, nyamukani m'mamawa mutadya kanthu, mutenge madzi okwanira.

Valani nsapato zomanga zingwe, za mphira wogwira pansi, osati mapatapata. Katundu akhale m'chikwama cha kumsana. Amayi ovala chitenje achimange mokwezako, kuti chisakole mwendo pokwera mwala. Ndodo yolimba imathandiza kwambiri, chifukwa imauza thupi pamene nthaka ili. Mowa usakhudzidwe ulendo usanathe. Ena amati umachotsa mantha, koma chimene umachotsa ndi kukhazikika kwa miyendo.

Mukafika pamalo oopsa

Yang'anani njira masitepe awiri kapena atatu kutsogolo kwanu, kapena chikwama cha amene ali patsogolo. Yendani mbali ya kuphiri, dzanja limodzi likukhudza mwala. Mukafuna kuona kukongola kwa nyanja, imani kaye, khalani pansi patali ndi m'mphepete, kenaka muyang'ane. Osayang'ana uku mukuyenda, ndipo osajambula chithunzi pafoni mutaima chilili pa thanthwe.

Mantha akakugwirani, khalani pansi pomwepo ngati malowo ali otakata. Gwirani mwala kapena muzu, ikani maso pa chinthu chimodzi chapafupi, ngakhale nyerere yoyenda pa thanthwe. Kokani mpweya pang'onopang'ono, ndipo potulutsa muchedwe kuposa pokoka. Mantha otere amakwera, kenaka amatsika okha pakapita mphindi zingapo. Musanyamuke mtima usanakhale m'malo.

Dziwani kuti kutsika kumavuta kuposa kukwera, popeza potsika nkhope imaloza kuphompho. Musanakwere mwala uliwonse, cheukani mudzifunse ngati mudzatha kutsikapo. Potsika pamalo otsetsereka, yendani cham'mbali, kapena khalani pansi muzikhwekhwereza. Thalauza imachapidwa.

Udindo wa oyenda naye

Apa ndi pamene mabanja ambiri timalakwa. Timaseka, timakoka munthu dzanja, timamuuza kuti, "Taonani ana adutsa kale." Mawu amenewa amaonjezera manyazi pamwamba pa mantha, ndipo munthu wamanyazi amaponda mothamanga. Kumukoka dzanja n'koopsa kwambiri, chifukwa kumamuchotsa pamene anakhazikika.

Ku Mumbo kuja, wotitsogolera sananene zambiri. Anapita kukaima pakati pa alamu anga ndi nyanja, thupi lake n'kutseka pamene panali potseguka paja. "Bambo, khalani pansi kaye, palibe kothamangira," anatero. Anawapatsa madzi, n'kuyamba kuwafunsa za mbewu imene anabzala chaka chimenecho. Patapita kanthawi anati, "Yang'anani nsapato zanga zokha. Pamene ndachotsa phazi, inu pondani pomwepo." Alamu anga anadutsa masitepe asanu ndi atatu a pamalo otseguka aja, ndipo kutsidya anakhala pansi pa mlambe n'kuona nkhwazi ikutola nsomba pamadzi.

Chitani chimodzimodzi. Mmodzi ayende patsogolo pafupi, wina aime mbali ya kuphompho ngati pali malo okwanira. Ana musawalole kuthamangira m'mphepete, chifukwa kholo lamantha limavutika kwambiri poona mwana ali pamenepo kuposa likaima lokha. Ndipo musananyamuke, panganani kuti wina akati "tibwerere," mubwerera popanda kumufunsa chifukwa. Kuyenda awiri si mantha.

Kuzoloweza thupi

Mantha amenewa amachepa munthu akamakumana nawo pang'onopang'ono. Masabata angapo ulendo usanafike, yambani ndi kachulu kapena kaphiri ka kwanuko, kenaka mlatho wa anthu oyenda pansi, kenaka khonde la nyumba yosanja. Pamalo aliwonse khalanipo mpaka mtima utsike, osathawa mantha ali pachimake. Mukabwereza kangapo, pitani pokwererapo pang'ono.

Koma ngati chizungulire chimakugwirani ngakhale muli pansi, potembenuka pamphasa kapena podzuka pampando, imeneyo ndi nkhani ina. Likhoza kukhala vuto la m'khutu, kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Kaonaneni ndi a chipatala musanakwere boti.

Alamu anga sanafike pamwamba penipeni pa chilumbacho, ndipo palibe anawakakamiza. Chaka chotsatira ndi iwo amene anayambitsa zoti tipite ku Likoma. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu wotere, musamusiye pagombe akulondera zikwama. Sankhani njira imene iye angaithe, muyende pa liwiro lake, ndipo mubwerere limodzi.