Chala Chachikulu Chakuphazi Chikamapweteka

Mwina mwaona fupa likutuluka m'mbali mwa phazi, pomwe chala chachikulu chimayambira, chalacho n'kumapendekera kwa zinzake. Jombo imathina, pamalopo pamafiira, ndipo pochoka kothyola fodya mumabwera mukutsimphina. Vutoli limayenda m'magazi, limakonda amayi, ndipo nsapato zothina zimalikulitsa.

Koma mfundo ya chalacho ikatupa mwadzidzidzi usiku, n'kumatentha moti ngakhale bulangete likakhudza mumabuula, kawirikawiri amakhala matenda a gauti. Mowa, chiwindi ndi zam'kati zina za nyama zimawaputa. Amenewa amachizika ndi mankhwala.

Chonde musatemepo mphini. Bala lapaphazi limachedwa kupola, makamaka kwa odwala shuga, ndipo ena amadulidwa chala chifukwa cha kabala kotero. Yambani mwavala nsapato zotakasuka kutsogolo. Ululu ukapitirira, pitani kuchipatala chapafupi kuti akutumizeni ku Kasungu District Hospital, komwe angakujambuleni ekisire. Zikavuta amatumiza kwa madokotala a mafupa ku Lilongwe, ku chipatala cha LION chomwe chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central.

Opaleshoni yowongola fupa lotuluka lija ndi ya amene akulephera kuyenda kapena kugwira ntchito, si yokongoletsa phazi ayi. Njira yozolowereka ndi yong'amba khungu m'mbali mwa phazi. Yatsopano, imene mwina munaimva kwa abale a ku Joni, ndi yoboola timabowo tating'ono kwambiri: dokotala amalowetsamo kachipangizo kocheka fupa akuyang'ana pa ekisire, n'kuliwongola ndi kulimanga ndi tizitsulo. Imafuna katswiri ndi zida zapadera, ndipo si phazi lililonse limayenera njirayi. Dokotala ndiye angakuuzeni yoyenera phazi lanu.

Pa njira yatsopanoyi ndiye ambiri amanyengeka. Kunja chipsera n'chaching'ono, koma m'kati fupa lachekedwa ndithu. Limafuna masabata pafupifupi 6 muli mu nsapato yapadera, ndipo kutupa kumatha miyezi. Munthu wotero sangakwere m'chigafa kapena kunyamula belo. Choncho kambiranani ndi dokotala za nthawi: bola mutagulitsa kale fodya wanu ku Chinkhoma, ntchito yothirira nazale isanayambe.

Ngati mumasuta, kaya ndudu kaya chingambwe, siyani opaleshoni isanachitike, chifukwa utsi wa fodya umachedwetsa fupa kulumikizana. Bala likayamba kutuluka mafinya, kununkha, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.