Kwa inu amene mudzalimbirane mpando wa amalume

Adzukulu anga a kuno kumunsi kwa mathithi a Kapichira, ambiri mwa inu muli ndi magazi a ufumu, kaya wa nyakwawa, kaya wa gulupu. Tsiku lina amalume anu adzatsikira kulichete, ndipo maliro asanathe n'komwe wina adzakukokerani kuseri kwa nkhokwe kukuuzani kuti mpandowo ndi wanu. Musanamuyankhe, imvani za Lundu.

Ufumu wa Amaravi unang'ambika chifukwa cha mikangano ya pachibale. Undi atakanizidwa kulowa ukalonga, anachoka ku Mankhamba ndi mbumba n'kukamanga ku Maano, m'dziko la Mozambique. Akuluakulu amasimbanso kuti Kaphiti ndi Lundu, abale a Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, anachoka pa nkhani ya mwabvi n'kutsikira kuno ku Shire. Kaphiti ndiye anali wamkulu. Koma Lundu, atakhazikika ku Mbewe ya Mitengo, anagwira njira ya minyanga ya njovu yopita ku Zambezi, ndipo posakhalitsa wamng'ono anaphimba wamkulu.

Mphamvu zake zinaonekera mu 1592. Ankhondo otchedwa Azimba, amene olemba mbiri monga Matthew Schoffeleers amati anali a Lundu, anamanga linga tsidya lino la Zambezi, moyang'anana ndi Sena. Mkulu wa Apwitikizi ku Sena, André de Santiago, analizinga lingalo koma linamukanika, choncho anaitanitsa mnzake wa ku Tete, Pedro Fernandes de Chaves. Azimba anamva. Anatuluka mwakachetechete, n'kukabisalira a ku Tetewo m'nkhalango, n'kuwapha pamodzi ndi wansembe wawo, Nicolau do Rosário. Santiago anayesa kuthawa usiku koma anafera m'mphepete mwa mtsinje. Chaka chotsatira Pedro de Sousa anabwera ndi mizinga kuchokera ku chilumba cha Mozambique, naye anabwerera chimanjamanja. Wansembe João dos Santos analemba zonsezi m'buku lake la mu 1609. Azimbawo anali makolo athu, uta ndi nkhwangwa m'manja, akuthamangitsa eni mfuti.

Nanga anagwa bwanji munthu wotereyu? Anagwetsedwa ndi Mmaravi mnzake. Muzura, mfumu ya kumtunda, sanafune kuti m'dziko mukhale atambala awiri. Mu 1622 anagwirizana ndi Apwitikizi omwe aja, ndipo Lundu anagonja. Muzura anasangalala kwa zaka zosakwana 10. Mu 1631 anali atayambana nawo abwenzi akewo mpaka kukathira nkhondo ku Quelimane, ndipo mu 1632 Apwitikiziwo anamugonjetsa. Mfuti zimene anaziitanira mbale wake zinamutembenukira.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Mlendo amene mwamuitana kuti akuthandizeni kugwetsa mbale wanu sabwerera kwawo ntchito ikatha. Amakhala, chifukwa mwamuonetsa nokha pamene mpanda wanu unawola. Taonani Amakololo. David Livingstone anafika pa mathithi athuwa mu 1859, sitima yake n'kulephera kupitirira. Amakololo amene ankamunyamulira katundu anatsala kuno, anapeza Amang'anja atagawikana, atafooka ndi njala komanso nkhondo za ukapolo, ndipo mayina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ndi a mafumu mpaka lero. Sindikunyoza zidzukulu zawo, ndi abale athu, tinakwatirana nawo kalekale. Koma ufumu wa Lundu unachita kudikira nthawi ya Kamuzu Banda kuti ubwezeretsedwe ulemu wake.

Masiku ano mlendoyo sabwera ndi mfuti. Amabwera ndi chikwama cha mapepala. Ndi loya wa ku Blantyre wokutengerani chiletso cha khoti, wandale wofuna mavoti a mudzi wonse, kapena wamalonda amene maso ake ali pa madimba a m'mbali mwa Shire. Ndaonapo mabanja akugulitsa ng'ombe zonse za m'khola kulipirira mlandu wa ufumu, mudzi n'kukhala wopanda mfumu zaka, madzi osefukira n'kubwera popanda wolemba mayina a ofunika thandizo.

Kuno kwathu vutoli lili ndi muzu wakewake. Amang'anja timalowa ufumu wa amalume, pomwe Asena amatsata kuchimuna. Mwana wa bambo Mmang'anja ndi mayi Msena angathe kukula akukhulupirira kuti mpando wa bambo ake ndi wake, ndipo sakunama dala. Anangoleredwa m'malamulo ena. Muuzeni zoona bambo akewo akadali moyo.

Tsono khalani pansi ndi ntchembere za mbumba yanu chaka chino chomwe. Lembani m'kope mawere onse a banja lanu, amene analowapo kale ndi amene akudikira, ndipo amalume asainepo maso akadali kuona. Mbumba ikadzasankha wina osati inu, pitani mukavine pa tsiku lomulonga ufumu, ndipo wokunong'onezani uja mumuuze kuti akanene mawu akewo pabwalo.