Phunziro la mwezi uno: kachitsekero kakang'ono kamene kamapha injini ya thirakitala



Chaka chatha mu Novembala, mvula ili pafupi, thirakitala ya gulu lathu inayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kudambo. M'mawa tadzaza rediyeta, pofika nthawi ya Dhuhr madzi atsika. Mapaipi onse anali bwino. Tsiku lachitatu mnyamata woyendetsa anaona mzere wofiira wa dzimbiri m'mbali mwa injini, kuseri kwa sitata. Apo ndi pomwe panali bala.

Thirakitala yathuyi ndi Massey Ferguson 135, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1964, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu. M'mbali mwa buloko ya injini muli tizitsekero tachitsulo tozungulira, tooneka ngati chivundikiro cha botolo. Amakaniko amati welsh plug, ena amati core plug. Pomwe buloko imaumbidwa kufakitale, pamatsala mabowo otulutsira mchenga wa chikombole, ndiye amawatseka ndi tizitsekero timeneti. Kumaiko ozizira amati timathandiza madzi akaundana, koma kwathu kuno madzi saundana. Mdani wathu ndi dzimbiri.

Dzimbiri likuchokera kuti? Tinene zoona, ndife tomwe. Madzi akachepa timatunga paliponse: m'chithaphwi, m'ngalande ya mpunga, ngakhale ku Chilwa komwe. Madzi a Chilwa ndi amchere chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mijigo yambiri ya ku Balaka nayonso ndi yamchere. Mchere ndi matope zimadya chitsulo kuchokera mkati, ndipo kachitsekero, poti n'kopyapyala kuposa buloko, ndi komwe kamayamba kubooka.

Ena amathira ufa, sopo kapena dzira m'rediyeta kuti pasadonthe. Chonde tisamatero. Zimenezi zimatseka timipata ta rediyeta, injini n'kutentha koposa, gasiketi n'kupsa, mwinanso hedi n'kupindika. Kachitsekero n'kotsika mtengo, koma hedi imatha kudya matumba a mpunga a chaka chonse.

Kakonzedwe kake tinachita motere.

Choyamba, injini izizire. Osatsegula chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, madzi ake amawaula nkhope. Ikazizira, tulutsani madzi onse, a m'rediyeta ndi a m'buloko momwe. Masulani waya wa batire, kenaka chotsani chilichonse chotchinga, kaya ndi sitata kaya fyuluta.

Chachiwiri, ikani tchizulo chobuntha m'mphepete mwa kachitsekero, osati pakati, n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala mpaka katembenuke cham'mbali. Kakatembenuka, kakokeni ndi pulayala. Mukamenya pakati mwamphamvu kagwera mkati mwa buloko, ndiye ntchito yakula. Samalaninso kuti tchizulo chisakande milomo ya bowo.

Chachitatu, tsukani. Ife tinatulutsa matope odzaza kapu pabowo limodzi lokhalo. Thirani madzi oyera mpaka azituluka oyera, kenaka palani milomo ya bowo ndi sandipepa, n'kupukuta paume.

Chachinayi, tengani kakale kaja popita kusitolo ya zipangizo ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Limbe, kuti akakupatseni kofanana ndendende. Kuyerekeza ndi maso kumanamiza. Mukapeza ka brass, kachikasu kaja, tengani komweko, sikachita dzimbiri ngati kachitsulo.

Chachisanu, pakani gasket maker pang'ono m'mphepete mwake. Pezani soketi yolowa bwino mkati mwa kachitsekero, muimike mowongoka, n'kumenya pang'onopang'ono mpaka kalingane ndi milomo ya bowo. Kakalowa mopendekeka, kachotseni muikepo kena, chifukwa kadzadontha basi.

Pomaliza, bwezerani zonse, dikirani kuti mankhwala aja aume, ndiye thirani madzi oyera osakaniza ndi kulanti monga zalembedwera pachigubu. Lizani injini mpaka itenthe, muyang'ane ngati pali chinyezi, ndipo mawa lake muonenso.

Dziwaninso kuti kamodzi kakabooka, tinzake tili m'njira, chifukwa tonse tinamwa madzi amodzi. Sinthani tonse timene dzanja likufika. Koma mukaona madzi akudontha pamene injini yalumikizana ndi giyabokosi, ndiye kuti mwina kabooka ndi ka kumbuyo, ndipo pamafunika kugawa thirakitala pakati. Imeneyo si ntchito ya pansi pa mango, itanani makaniko wodziwa.

Ife tinachedwa masiku anayi, ndipo mabanja awiri analima ndi makasu poopa kuti mvula iwapitirira. Thirakitala ya gulu ndi amana m'manja mwa woyendetsa ndi komiti. Choncho tinagwirizana zosunga madzi a mvula m'mgolo wovundikira, a rediyeta okhaokha, ndiponso kuti woyendetsa aziyang'ana madzi ndi oyilo m'mawa uliwonse asanalize. Eni zigayo ndi mapampu a dizilo oziziritsidwa ndi madzi, phunziroli ndi lanunso.

Mwezi uno, ntchito yolima isanapanikize, tengani tochi muzungulire injini yanu. Mukaona mzere wofiira, musadikire Novembala. Insha Allah, tidzalima pa nthawi yake.

Wassalamu alaikum.