Madzi oundana a ku Antarctica ndi ife a ku Chitipa: mafunso ndi mayankho

Kodi n'chimodzimodzi ndi chisanu cha ku Nyika?

Ayi. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimayeretsa udzu m'mamawa, koma dzuwa likangokwera chatha. Ku Antarctica ndi ku Greenland chipale chimagwa osasungunuka, n'kumapsinjana chaka ndi chaka mpaka kuuma gwa. Malo ena ku Antarctica chinachindikala kuposa makilomita 4.

Nanga akatswiri amayeza bwanji?

Ndege zokhala ndi radar zimatumiza mafunde amene amaboola madzi oundanawo, kugunda thanthwe la pansi ndi kubwerera. Nthawi imene atenga ndiyo imaulula kuchindikala kwake. Kulemera kumayezedwa ndi masetilaiti awiri ouluka motsatana. Wotsogola akafika pamwamba pa malo olemera amakokedwa pang'ono, ndipo mpata wa pakati pawo umasintha. Ntchitoyi inayamba ndi masetilaiti otchedwa GRACE mu 2002, ndipo masetilaiti olowa m'malo mwake anaponyedwa mu 2018.

Apeza zotani?

Greenland ikutaya matani oposa 250 biliyoni a madzi oundana pachaka, Antarctica oposa 100 biliyoni. Ngakhale kwa anansi athu ku Tanzania zafika: phiri la Kilimanjaro lataya magawo oposa 80 pa 100 a madzi oundana amene linali nawo mu 1912.

Kodi kuno kwathu madzi oundana anakhalakopo?

Inde, zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, pamene Africa ndi Antarctica zinali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana. M'chigwa cha North Rukuru, kumene kuli mgodi wa Kayelekera ku Karonga, miyala ya pansi penipeni ya gulu la miyala lotchedwa Karoo ndi matope ndi miyala yosakanikirana imene madzi oundana anasiya. Atasungunuka kunabwera madambo a zomera zowirira, ndipo zomerazo ndizo zinasanduka malasha onga a ku Nthalire.

Ife tilibe nyanja yamchere, zikutikhudza pati?

Pa thumba la feteleza ndi pa lita ya petulo. Katundu wathu amatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Pakati pa 1901 ndi 2018 nyanja zamchere zinakwera pafupifupi masentimita 20, chifukwa cha kusungunukaku komanso kufufuma kwa madzi akamatentha. Nyanja ikakwera, namondwe amakankhira madzi kutali kumtunda, ndipo doko likaima, mitengo imakwera mpaka pamsika wa pa boma.

Kodi onse asungunuka posachedwa?

Ayi, pangapite zaka mazana kapena zikwi. Koma a ku Greenland okha angakweze nyanja ndi mamita 7, choncho ngakhale kachigawo kochepa n'kokwanira kumiza makwalala a ku Beira.