Kamtsikana ka m'Nyumba ya Namani

Inu makolo a ku Nyanje, Katete ndi Vubwi, awerengereni ana anu 2 Mafumu 5. Kamtsikana kaja, kogwidwa ukapolo ndi Aaramu, ndiko kanauza mkazi wa Namani kuti ku Samariya kuli mneneri wokhoza kuciritsa khate. Kanadziwa bwanji? Ndithu kanazimva kwao, nkhondo isanafike.

Namani anapsa mtima pamene Elisa anamtumizira mau akuti akasambe m'Yordano kasanu ndi kawiri. Anacira pokhapo atamvera.

Misyoni ya Nyanje inayamba m'1905, koma sukulu siingalowe m'malo mwa atate ndi amai. Ana anu adzanka ku Lusaka ndi ku migodi, kumene aneneri ofuna ndalama sasowa. Cifukwa cace afunseni madzulo ano: Elisa anakaniranji mphatso za Namani, zimene Gehazi anazithamangira?